Mwakweza seva, sevisi yakana kudzuka: kusaka zimene systemd inasiya kumvera

Vutoli limabwera mwa njira imodzimodzi. Mwakweza Debian kapena Ubuntu kupita ku mtundu watsopano, zonse zatha bwino, webusayiti ikutseguka, database ikuyankha, mwatseka laputopu n'kupita kunyumba. Patapita sabata ziwiri magetsi athima, UPS yatha mphamvu, seva yazima. Magetsi atabwera seva yayaka, koma pulogalamu imodzi yagona tulo tofa nato. Apa munthu amayamba kuloza chala magetsi, mwina disiki yawonongeka, mwina fayilo ina yaduka pakati. Kawirikawiri magetsiwo alibe mlandu. Angovundukula chimene chinathyoka tsiku lija mumakweza.

Chifukwa chake n'chakuti phukusi la systemd, pulogalamu imene imadzutsa ndi kuyang'anira masevisi (mapulogalamu oyenda kumbuyo) pa Linux, likasinthidwa, systemd imadziyambitsanso yokha mkati, koma masevisi ambiri amene anali akuyenda kale, makamaka amene munawaika ndi manja, sawakhudza. Amapitiriza kuyenda ndi malamulo amene anadzuka nawo. Tsiku limene adzazime ndi kudzukanso ndi pamene systemd yatsopano imagwiritsa ntchito mafayilo awo mwa kamvedwe kake katsopano, ndipo mizere ina imene yakale ija inkaimvera, iyi siyiidziwanso.

Anthu amene amalemba systemd, kuyambira pamene Lennart Poettering ndi Kay Sievers anaiyamba mu 2010, sazengereza kutaya zakale. Koma ndinene chilungamo: sataya mwadzidzidzi. Chinthu chimayamba chatchedwa chachikale, kenaka chimatulutsa chenjezo mu journal, buku limene systemd imalembamo zochitika, kwa zaka zingapo, kenaka n'kuchotsedwa. Ife amene timakweza seva kamodzi pa zaka ziwiri kapena zinayi timadumpha masitepe onsewo nthawi imodzi. Debian 11 inali ndi systemd 247, Debian 12 ili ndi 252, Debian 13 ili ndi 257. Ubuntu 20.04 inali ndi 245, 22.04 ili ndi 249, 24.04 ili ndi 255. Kuchoka pa 245 kufika pa 255 ndi mitundu khumi, uliwonse ndi zosintha zake.

Yambani mwafunsa makinawo

Musanasinthe kanthu, dziwani kaye pamene mwaima:

`systemctl --version`
`systemctl --failed`
`systemctl show -p Tainted`

Lamulo lachitatuli ambiri salidziwa. Systemd ikaona kuti makina ali m'njira imene eni ake sakuithandizanso, imalemba pamenepo mawu monga `cgroupsv1`, `unmerged-usr` kapena `old-kernel`. Mukapeza limodzi mwa mawu amenewa, mwadziwiratu kumene mudzagwere pa kukweza kotsatira.

Kenaka werengani journal, koma osati ya sevisi yakufayo yokha. Machenjezo a mafayilo a unit, amene amauza systemd mmene idzutsire sevisi iliyonse, amalembedwa ndi systemd yeniyeniyo pamene ikuwerenga mafayilowo, choncho:

`journalctl -b -p warning _PID=1`

Fufuzanimo mawu akuti `ignoring`, `obsolete`, `deprecated`, `removed` ndi `legacy`. Mwa onsewa, amene ndimawaopa kwambiri ndi `ignoring`. Sevisi imene yakana kudzuka imadziulula yokha, mumaiona yofiira, mumaikonza. Koma systemd ikapeza mzere umene sikuudziwa, sikana fayilo yonse ayi. Imalumpha mzerewo, n'kudzutsa sevisiyo ngati kuti zonse zili bwino. Ngati mzerewo unali malire a memory, sevisi yanu tsopano ikuyenda yopanda malire, ndipo mudzadziwa tsiku limene idzadye RAM yonse, kernel, mtima wa Linux, n'kupha database imene inalibe chifukwa.

Pali lamulo lina limene limayesa fayilo osaidzutsa:

`systemd-analyze verify /etc/systemd/system/dzina.service`

Limatchula fayilo, nambala ya mzere ndi chimene chalakwika.

Msampha waukulu uli mu /etc

Mafayilo a unit amene amabwera ndi mapukusi amakhala mu `/usr/lib/systemd/system`. Amenewa amakonzedwa ndi osamalira phukusi, ndipo mukakweza amasinthidwa okha. Amene ali mu `/etc/systemd/system` ndi anu, palibe amene amawakhudza, ndipo akakhala ndi dzina lofanana ndi la phukusi, anuwo ndiwo amapambana.

Ndiye taganizirani zimene zinachitika zaka zisanu zapitazo. Wina ankafuna kusintha mzere umodzi wokha, mwina kuwonjezera nthawi yodikira. Anakopera fayilo yonse kuchoka ku `/usr/lib` kupita ku `/etc`, n'kusintha mzere wakewo. Kuyambira tsiku limenelo fayiloyo inauma. Phukusi lasintha katatu, dzina la pulogalamu lasamuka foda, mizere yachikale yachotsedwa mu fayilo ya phukusi, koma seva yanu ikuwerengabe kope la kalekale lija. Mwa mavuto a mtunduwu amene ndakumana nawo, ochuluka anachokera apa, osati kwa systemd.

`systemd-delta` imakuonetsani fayilo iliyonse imene yaphimba inzake, pamodzi ndi kusiyana kwake. `systemctl cat dzina.service` imakuonetsani zimene systemd ikuwerengadi, ndi dzina la fayilo pamwamba pa chigawo chilichonse. Mukapeza kope lathunthu, onani mizere imene inasinthidwa mwadala, sungani fayiloyo kwina, ichotseni mu `/etc`, kenaka lembani `systemctl edit dzina.service`. Lamuloli limapanga kafayilo kakang'ono kotchedwa `override.conf` kamene mumalembamo mizere yanu yokha, zotsalazo n'kumachokera ku phukusi. Chenjerani ndi `ExecStart=`: kuti muisinthe m'kafayilo kameneka, muyambe mwalemba `ExecStart=` yopanda kanthu kutsogolo kwake, mzere wotsatira ndiye mulembe yatsopanoyo. Mukapanda kutero systemd imaona malamulo awiri odzutsira sevisi imodzi n'kukana.

Mukasintha fayilo ndi manja, musaiwale `systemctl daemon-reload`.

Kuti musake mizere yachikale yonse nthawi imodzi:

`grep -rnE 'MemoryLimit|CPUShares|BlockIO|PermissionsStartOnly|KillMode=none|=syslog|/var/run|\.include' /etc/systemd/system`

Zina mwa zimene mupeze n'zopepuka. `StandardOutput=syslog` inatchedwa yachikale mu mtundu 246 wa 2020, ndipo systemd imangoisandutsa `journal`; lembani `journal` kapena fufutani mzerewo. `PIDFile=/var/run/...` isanduke `/run/...`. `PermissionsStartOnly=` inalowedwa m'malo ndi chizindikiro cha `+` chimene mumaika kutsogolo kwa lamulo limene mukufuna liyende ngati root, mwachitsanzo `ExecStartPre=+/usr/bin/chown ...`. Ndipo ngati cholinga cha lamulolo chinali kungopanga foda mu `/run`, lichotseni n'kulemba `RuntimeDirectory=dzina`, systemd ipange fodayo yokha ndi kuipatsa mwini woyenera. `.include` inachotsedweratu mu 246, choncho chilichonse chimene chinkalowa kudzera pamenepo sichikulowanso.

`KillMode=none` ndi nkhani ina. Anthu ankailemba kuti sevisi ikazimitsidwa, tiana take tipitirize kuyenda. Systemd imachenjeza za mzerewu kuyambira 246. Ngati mukufuna kuti iphe pulogalamu yaikulu yokha, pali `KillMode=process`; ngati mukufuna yaikulu ilandire chizindikiro choyamba kuti izime mwaulemu, pali `KillMode=mixed`.

Kamodzi kena kamene kamapusitsa: `StartLimitIntervalSec=` malo ake ndi pansi pa `[Unit]`. Kale zoterezi zinkalembedwa pansi pa `[Service]`, ndipo zitsanzo zambiri za pa intaneti zimasakaniza dzina latsopano ndi malo akale. Zotsatira zake ndi `ignoring` uja.

Ma cgroup, kumene kuli matope ambiri

Cgroup ndi njira imene kernel ya Linux imagawira mapulogalamu m'magulu ndi kuwaikira malire a memory, CPU ndi disiki. Pali mtundu woyamba ndi wachiwiri. Fedora 31 inasamukira ku wachiwiri mu 2019, Debian 11 ndi Ubuntu 21.10 mu 2021. Pa nthawiyo Docker, pulogalamu yoyendetsa makontena (timabokosi topatulira mapulogalamu), isanafike pa 20.10 sinkatha kuyenda pa mtundu wachiwiri, ndiye malangizo amene anafala anali akuti muike `systemd.unified_cgroup_hierarchy=0` pa mzere wa kernel, mawu amene kernel imapatsidwa podzuka, kuti mubwerere ku woyamba. Ambiri tinaika mzerewo mu `/etc/default/grub`, Docker inadzuka, n'kuiwala.

Mzere umenewu ndi ngongole, ndipo mwini wake wafika. Systemd 256, ya mu June 2024, inasiya kuvomera cgroup woyamba pokhapokha mutawonjezera `SYSTEMD_CGROUP_ENABLE_LEGACY_FORCE=1` pa mzere wa kernel. Systemd 258, ya mu September 2025, inauchotseratu. Palibenso mawu aliwonse amene angaubweze. Mtundu womwewo umafunanso kernel yosachepera 5.4.

Kuti mudziwe muli pati:

`stat -fc %T /sys/fs/cgroup/`

Ikayankha `cgroup2fs`, muli pa wachiwiri. Ikayankha `tmpfs`, mukadali pa woyamba. Onaninso `cat /proc/cmdline`. Ngati mawu aja alipo, achotseni mu `/etc/default/grub` n'kulemba `update-grub` pa Debian ndi Ubuntu, kapena gwiritsani ntchito `grubby` ndi `--remove-args` pa Fedora ndi abale a RHEL. Chitani izi musanakweze, pa mtundu wakale womwewo, muyambitsenso makina, muone zimene zathyoka pamene njira yobwerera ikadalipo. Ngati mwakweza kale ndipo makina aima panjira, pa menyu ya GRUB dinani `e`, pitani pa mzere woyamba ndi `linux`, fufutani mawuwo, dinani Ctrl ndi X.

Zimene zimathyoka mukasamuka zimakhala za mitundu itatu kapena inayi. Choyamba ndi ma script amene amawerenga mafayilo monga `/sys/fs/cgroup/memory/.../memory.limit_in_bytes`. Pa mtundu wachiwiri foda ya `memory` palibe, ndipo fayiloyo imatchedwa `memory.max`. Mapulogalamu akale oyang'anira thanzi la seva amangoyamba kuonetsa ziro.

Chachiwiri ndi Java ya m'kontena. Java yakale sitha kuwerenga malire a mtundu wachiwiri, ndiye imayesa kuti RAM yonse ya makina ndi yake, imatenga gawo lalikulu, n'kuphedwa ikagunda malire a kontena. Mukaona kontena ya Java ikufa ndi nambala 137 chisamukireni, onani mtundu wake. Kuwerenga cgroup wachiwiri kunabwera mu Java 15, ndipo kunabwezeredwa ku 11.0.16 ndi 8u372. Kukweza pang'ono chabe mkati mwa Java 8 kapena 11 yomweyo kumathetsa nkhaniyi.

Chachitatu ndi makontena amene ali ndi systemd yawoyawo mkati, monga a LXC. CentOS 7 ili ndi systemd 219, imene sidziwa cgroup wachiwiri, choncho kontena yotere imadzuka koma masevisi ake osayenda. Apa palibe mankhwala abwino. CentOS 7 inasiya kulandira zigamba pa 30 June 2024. Isamutseni, kapena ngati pulogalamu ya mkatimo singasunthike, ipatseni makina ongoyerekezera athunthu okhala ndi kernel yawoyawo.

Kenaka pali mizere ya malire mu mafayilo a unit. `MemoryLimit=` isanduke `MemoryMax=`, `BlockIOWeight=` isanduke `IOWeight=`, `CPUShares=` isanduke `CPUWeight=`. Mitundu ya m'mbuyomu inkamasulira mizereyi yokha n'kumachenjeza kuti thandizolo lichotsedwa posachedwa. Musadalire kumasulirako pa 258 kupita mtsogolo. Ndipo musangosintha dzina n'kusiya nambala. Muyeso wapakati wa `CPUShares=` ndi 1024, pamene wa `CPUWeight=` ndi 100, ndipo umayambira pa 1 kulekeza pa 10000. Choncho 512 wakale ndi 50 watsopano, 2048 ndi 200. Mukalemba `CPUWeight=512` poganiza kuti mukuchepetsa sevisi, mwaipatsa gawo loposa kasanu la anzake.

Mukamaliza, musakhulupirire fayilo, funsani kernel:

`cat /sys/fs/cgroup/system.slice/dzina.service/memory.max`

Ikayankha `max`, malire palibe.

Ma script a mu /etc/init.d

Systemd isanabwere, sevisi iliyonse inkadzutsidwa ndi script ya mu `/etc/init.d`. Kuti zakalezi zisafe tsiku limodzi, systemd yakhala ndi kapulogalamu kotchedwa `systemd-sysv-generator` kamene pa kudzuka kulikonse kamawerenga ma script amenewo n'kupanga mafayilo a unit ongogwirizira mu `/run/systemd/generator.late`. Kamalembanso mu journal kuti sevisi yakutiyakuti `lacks a native systemd unit file`. Mlatho umenewu ukugumulidwa. Mtundu 258 unachotsa kale malamulo a `runlevel` ndi `telinit`, pamodzi ndi kusintha kayendedwe ka makina polemba `init 3`. Mtundu 259 unalengeza kuti generator uja achotsedwa mu 260, limodzi ndi mnzake amene amadzutsa `/etc/rc.local`.

Onani mndandanda wanu:

`ls /run/systemd/generator.late/*.service`

Chilichonse chimene chatuluka pamenepo chikudalira mlathowo. Kawirikawiri si za mapukusi a Debian kapena Ubuntu ayi; ndi mapulogalamu ogula, ma driver a UPS, zosungira ma backup, ndi script imene mnzanu anailemba asanasiye ntchito. Kulemba unit yolowa m'malo mwake si ntchito yaikulu monga mmene anthu amaopera. Script ya mizere 150 imatha kusanduka iyi:

```
[Unit]
Description=Pulogalamu ya malipiro
Wants=network-online.target
After=network-online.target

[Service]
User=malipiro
ExecStart=/opt/malipiro/bin/seva
Restart=on-failure

[Install]
WantedBy=multi-user.target
```

Isungeni ngati `/etc/systemd/system/malipiro.service`, dzina lofanana ndi la script ija kuti iiphimbe, kenaka `systemctl daemon-reload` ndi `systemctl enable --now malipiro`. Werengani script yakaleyo mofatsa musanaitaye, chifukwa mkati mwake mumabisala zinthu: `cd` wolowa mu foda ina, amene asanduke `WorkingDirectory=`; `export` wa mawu ena, amene asanduke `Environment=` kapena `EnvironmentFile=`; `ulimit -n`, amene asanduke `LimitNOFILE=`.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi pulogalamu imene ikadzuka imabereka mwana n'kudzizimitsa yokha, monga zinkachitira zakale. Systemd imaona kholo lafa, imati sevisi yatha, n'kusesa mwana uja. Chizindikiro chake: `systemctl start` siidandaula, koma `status` ikuti `inactive (dead)`. Njira yabwino ndi kufufuza ngati pulogalamuyo ili ndi mawu oiuza kuti isapite kumbuyo, monga `--foreground` kapena `--no-daemon`. Ngati ilibe, lembani `Type=forking` ndi `PIDFile=`. Kuloza `ExecStart=` pa script yakale yomweyo kumathekanso, koma ndimakuona ngati kufolera udzu watsopano pa phaso lofumbwa.

Manambala a mu `systemctl status` amathandiza pano. `203/EXEC` ndiye kuti fayilo imene mwatchula palibe kapena ilibe chilolezo choyenda. `217/USER` ndiye kuti dzina la pa `User=` kulibe. `200/CHDIR` ndi foda ya `WorkingDirectory=` imene sikupezeka.

Za `/usr` ndingodutsapo. Kuyambira mtundu 255 wa December 2023, systemd imafuna kuti `/bin`, `/sbin` ndi `/lib` zikhale ma symlink oloza mkati mwa `/usr`. Fedora inachita izi mu 2012, Debian 12 imazikakamiza. `ls -ld /bin /sbin /lib` ikuuzani. Ngati akadali mafoda enieni pa Debian yakale, phukusi la `usrmerge` ndilo limagwira ntchitoyo. Musayese kusuntha mafodawo ndi manja.

Si zonse zimene zimachokera kwa systemd

Nthawi zina chimene chasintha ndi chisankho cha amene amakonza Debian kapena Ubuntu, ndipo simungachipeze m'zolemba za systemd. Ine ndinagwa pa chimodzi chotere. Kakompyuta kena kamene kamagawa intaneti pa ofesi ina ndinakakweza kupita ku Debian 13 madzulo, n'kukayambitsanso, n'kuona kuti kakudzuka bwino. M'mawa foni inalira: aliyense alibe intaneti. Kakompyutako pakokha kankafika kulikonse, masevisi onse obiriwira, `--failed` yopanda kanthu. Ndinatha ola ndikukayikira firewall. Kenaka ndinalemba `sysctl net.ipv4.ip_forward`, yankho n'kukhala 0. Mzere wanga unali mu `/etc/sysctl.conf` momwe ndinausiyira, koma fayiloyo sinkawerengedwanso. `systemd-sysctl` payokha inasiya kuiwerenga kalekale; Debian inkangoilumikiza ndi symlink ya mu `/etc/sysctl.d`, ndipo mu Debian 13 chilumikizocho chinatha. Zinalembedwa poyera m'zolengeza za mtunduwo. Amene sanawerenge ndi ine. Mankhwala ake anali kusamutsira mzerewo mu `/etc/sysctl.d/90-ofesi.conf` ndi kulemba `sysctl --system`.

Debian 13 yomweyo inasamutsira `/tmp` mu RAM, ndi malire a theka la memory ya makina. Script ya backup imene imayamba yaunjika fayilo yaikulu mu `/tmp` imayamba kulira kuti malo atha pamene disiki ili mbee. Iuzeni igwiritse ntchito `/var/tmp`, kapena bwererani ku kale ndi `systemctl mask tmp.mount` n'kuyambitsanso makina.

Palinso china chakale chimene chimaonekabe: mumasiya ntchito ikuyenda mu `tmux` kapena `screen`, mumatuluka mu SSH, pobwera mupeza yafa. Mu 2016 mtundu 230 unasintha `KillUserProcesses=` kukhala `yes`. Phokoso linali lalikulu, ndipo Debian ndi ena ambiri anaubwezera pa `no`, koma si makina onse. Onani mu `/etc/systemd/logind.conf`. Ngati muli ndi masevisi a munthu wamba oyendetsedwa ndi `systemctl --user` amene amazima mukatuluka, lembani `loginctl enable-linger dzina`.

Ndipo chenjezo limodzi kwa okonda kuyeretsa: musalembe `systemd-tmpfiles --purge` poganiza kuti mukusesa zinyalala za mu `/tmp`. Mu 256 lamuloli linkafufuta chilichonse chimene mafayilo a `tmpfiles.d` amapanga, ndipo `/home` inali m'gulu lomwelo. Mu 256.1 analimanga kuti lizifuna mutchule fayilo yeniyeni.

Kukweza kotsatira

Dongosolo limene ndimatsata tsopano ndi ili. Pa mtundu wakale womwewo ndimayambitsanso makina kamodzi, kuti ngati pali chothyoka kale ndisadzachinamizire kukwezako. Ndimawerenga machenjezo a `_PID=1` ndi kukonza onse pamene systemd yakale ikumvabe mayina onse awiri, akale ndi atsopano; imeneyi ndiyo nthawi yokhayo imene kulakwitsa sikupweteka. Ndimasunga zotsatira za `systemctl list-units --type=service --state=running` mu fayilo. Ndimatsegula fayilo ya NEWS ya systemd, imene ili pa GitHub, n'kuwerenga zigawo zonena za zochotsedwa ndi zosagwirizana ndi zakale, kuyambira mtundu umene ndili nawo mpaka umene ndikupitako. Pa mitundu yatsopano zimakhala pamwamba penipeni. Pa Debian phukusi la `apt-listchanges` limaonetsa zolengeza za osamalira mapukusi pamene kukweza kuli mkati.

Ndikakweza, ndimayambitsanso makina tsiku lomwelo, ndili pafupi ndi kiyibodi yake kapena ndili ndi khomo la console ngati ndi seva yobwereka kunja. Akaima panjira, `systemd.unit=rescue.target` pa mzere wa kernel imandilowetsa, ndipo `journalctl -b -1` imandionetsa zimene zinachitika pa kudzuka kolephereka kuja, bola journal ikusungidwa pa disiki mu `/var/log/journal`. Akadzuka, ndimatenganso mndandanda wa masevisi oyenda n'kuuyerekeza ndi woyamba uja ndi `diff`. Dzina limene likusowa pa mndandanda wachiwiri ndilo ndimayamba nalo.